Zovala za kaunjika zokanika kugulitsa: tiziotche, tizikwirire kapena tizisoke?

NaBanda_waKaunjika
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha kuti tiikambirane mofatsa. Ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa Kamuzu Road, ndipo masiku ena ndimapita ndi katundu kwa Khombedza ndi ku Chipoka. Aliyense amene anatsegulapo belo akudziwa kuti zovala zabwino zimapita tsiku lomwelo, zina zimatenga milungu, koma pamapeto pake pamatsala zimene ngakhale mutatsitsa mtengo mpaka kufika pongopereka, palibe amene amazitola. Ndikunena majekete ochindikala a kumayiko achisanu, amene munthu wa ku Salima sangavale ngakhale mu June, mathalauza oti mungalowe anthu awiri, malaya othimbirira m'khwapa ndi madiresi ofa zipi. Panopa ndili ndi matumba asanu ndi awiri a zoterezi m'chipinda chimene ana anga amayenera kumagonamo, ndipo makoswe apezamo kale malo.

Mwezi watha ndinaotcha matumba awiri kudzala kuseri kwa nyumba. Utsi wake unali wakuda bii, fungo lake ngati la tayala, ndipo mwana wa aneba amene amadwala mphumu anachezera kutsokomola. Amayi ake anabwera m'mawa kudzandilankhula mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo sanalakwe. Funso langa ndi ili: kodi sitingasonkhane ife ogulitsa kaunjika, atelala ndi ena aluso la manja, n'kumaphunzitsana kusandutsa zovala zimenezi kukhala zinthu zina zogwiritsa ntchito? Kapena ndikungolota masana?

Telala_waPakhonde
Simukulota, Amayi a NaBanda. Ine ndasoka pakhonde la golosale kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo zidutswa zimene zimagwa pansi pa makina anga zimadzaza thumba la feteleza miyezi iwiri isanathe. Koma ndikuchenjezeni msanga kuti zovala sizifanana. Musanaganize za chimene mupange, yambani mwasiyanitsa nsalu za thonje ndi za pulasitiki. Njira yake ndi yapafupi: dulani kachidutswa m'mphepete mwa chovalacho, n'kukayatsa ndi machesi muli panja. Ya thonje imayaka ngati pepala ndipo imasiya phulusa lofewa, pomwe ya poliyesita imasungunuka, imanunkha, n'kusiya kambulu kolimba kakuda. Utsi umene unatsokomoletsa mwana uja unachokera ku zoterezo. Nsalu imeneyo siola ngakhale mutaikwirira, mudzaipeza ndi khasu patapita zaka ili chimodzimodzi.

Mkaikiri_waLifuwu
Pepani, koma adzagule ndani zinthu zimenezo?

NaBanda_waKaunjika
Funso lanu ndalimva, abambo, koma tafotokozani zimene mukutanthauza.

Mkaikiri_waLifuwu
Ndikutanthauza kuti maphunziro amtunduwu tinawaonapo. Zaka zingapo zapitazo kwathu kunabwera bungwe lina, limene sindilitchula, n'kusonkhanitsa amayi makumi atatu kwa milungu iwiri. Akazi anga anali m'gululo. Tsiku lililonse ankalandira ndalama ya chakudya, anajambulidwa zithunzi atanyamula tizikwama ta zitenje, ndipo pomaliza gulu linapatsidwa makina atatu osokera. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, makina amodzi anali ataduka lamba, ena anali kunyumba kwa wapampando akusoka mayunifolomu a iye mwini, ndipo achitatu mpaka lero palibe amene amadziwa kumene analowera. Tizikwama tija tinakhala m'katoni mpaka tinachita nkhungu, chifukwa munthu wa m'mudzi mwathu akapeza ndalama amayamba wagula ufa ndi sopo, osati kachikwama kokongoletsa. Sindikukana kuti zovalazo zikuwononga malo. Ndikukana zoti tiyambe ndi maphunziro tisanadziwe msika.

Mphunzitsi_waKhombedza
Bambo a ku Lifuwu anena chinthu choona, koma chimene chinapha gulu lawolo chikuoneka poyera: anthu anabwera chifukwa cha ndalama ya chakudya, ndipo anaphunzitsidwa kupanga zinthu zokondweretsa alendo, osati zimene anzawo a m'mudzi amazisowa. Pasukulu pathu pali gulu la amayi oyang'anira atsikana, ndipo chimene amasoka sichikhalitsa m'katoni. Amasoka nsalu zovala atsikana akakhala kumwezi, zochapa n'kugwiritsanso ntchito. Ife aphunzitsi timadziwa mmene mtsikana amajombera masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse chifukwa choopa kuthimbiriritsa yunifolomu pamaso pa anyamata, ndipo akajomba choncho chaka chonse, mayeso a Sitandade 8 amamupeza ali m'mbuyo. Chimene chimawavuta amayiwa ndi nsalu. Amafuna ya thonje yofewa yomwa madzi, monga ya mataulo ndi ya zovala zogonera, komanso ina yosalowa madzi yoika kunsi, imene amaichotsa ku maambulera othyoka kapena ku majekete a mvula. Amayi a NaBanda, m'matumba anu asanu ndi awiriwo simungalephere kupezeka zimenezi.

Namwino_Wopuma
Aphunzitsi, ganizo lanu ndi labwino, koma ndiloleni ndiikepo chenjezo monga munthu amene wagwira ntchito ya zaumoyo mpaka kupuma. Chovala chimene chagona m'chipinda cha makoswe sichingapite pathupi la mwana wamkazi chisanachapidwe bwino ndi sopo, kuviikidwa m'madzi otentha ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa. Ndipo nsalu imene imagunda khungu ikhale ya thonje basi. Vuto lalikulu limene ndinkaliona silinali pa kusoka koma pa kuyanika. Mtsikana amachita manyazi kuyanika kansaluko pachingwe pamene achimwene ake kapena bambo ake angakaone, ndiye amakabisa kunsi kwa mphasa kapena kuseri kwa chitseko, n'kukavala kali konyowa. Zotsatira zake ndi zilonda ndi kuyabwa. Choncho amene adzaphunzitse kusoka adzaphunzitsenso kuchapa, ndiponso njira yoyanikira padzuwa kansaluko katafundidwa ndi chitenje chopepuka kuti kasaoneke.

Mphunzitsi_waKhombedza
Zikomo, amayi. Zimenezi ndikaziuza gulu la amayi lija Lachinayi likubwerali.

Msodzi_waSenga
Ine sindidziwa kusoka zovala, ndimangodziwa kusoka ukonde, koma nkhaniyi ikundikhudza. Mvula yoyamba ikagwa, zonse zimene anthu a kumtunda anataya m'makwalala ndi m'mitsinje zimatsikira kunyanja kuno. Mtsinje wa Linthipe umalandiranso madzi a mtsinje wa Lilongwe, ndiye mungaganize nokha zimene zimachokera mumzinda waukuluwo. Pokoka ukonde timavuula majumbo, matewera a ana otaya, ndi nsanza zolemera ndi mchenga zimene zimang'amba maso a ukondewo. Tsiku lina tinavuula jekete lathunthu, manja ake atatambasuka, ndipo mnyamata wanga wina anadumphira m'madzi mbali inayo poganiza kuti ndi mtembo. Tinaseka, koma kusoka pamene linang'amba kunatitengera tsiku lonse. Komabe nsanza za thonje ife timazifuna. Timazipota n'kuzikhomerera m'ming'alu ya boti, kenako n'kumatapo phula. Ngati mutazisankha padera, asodzi angatenge.

MwanaWaSalima_kuJoni
Ndikuwerenga ndili ku Johannesburg kuno, ndipo ndikufuna tione nkhaniyi kuchokera kumene yayambira. Zovala zimenezi sizinagwe kumwamba. Kumayiko olemera anthu amagula zovala zotchipa zambirimbiri, amazivala kangapo, kenako amakaziponya m'mabokosi a zachifundo. Kumeneko zabwino kwambiri zimatsala konko, zotsalazo zimapanikizidwa m'mabelo a makilogalamu 45 kapena kuposerapo n'kutumizidwa kuno ku Africa. Lipoti la bungwe la Ellen MacArthur Foundation la chaka cha 2017 linanena kuti pa nsalu zonse zopangira zovala padziko lapansi, zosakwana gawo limodzi pa magawo 100 alionse ndi zimene zimakonzedwanso kukhala zovala zatsopano. Ku Ghana kuli msika waukulu wa kaunjika wa Kantamanto mumzinda wa Accra, kumene zovala zokanika zadzaza ngalande ndi gombe la nyanja, ndipo msikawo unapsa ndi moto mu January 2025. Ku Chile milu ya zovala zotayidwa ili m'chipululu cha Atacama. Ndiye Amayi a NaBanda akamalipira belo lonse pomwe gawo lina ndi zinyalala, ndiye kuti akulipira kuti atayire anthu ena zinyalala zawo. Ife tikamakambirana zosoka zinthu kuchokera ku zovala zokanikazi, tikupukuta madzi pansi pomwe mpopi tausiya wotsegula. Mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana mu 2016 kuti athetse kaunjika pang'onopang'ono, ndipo dziko la Rwanda linakweza msonkho wake kwambiri osabwerera m'mbuyo, ngakhale dziko la America linalichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho mu 2018. Nanga ife chikutikanika n'chiyani?

NaBanda_waKaunjika
Achimwene a ku Joni, mukaletsa kaunjika, ana anga mudzawalipirira ndinu sukulu?

MwanaWaSalima_kuJoni
Sindinanene kuti aletsedwe mawa, achemwali. Ndanena kuti tidziwe gwero la vutoli.

NaBanda_waKaunjika
Gwerolo ndikulidziwa kuposa inu, chifukwa ndine amene ndimadula zingwe za belo mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati ndagula katundu kapena ndagula chisoni. Belo silitsegulidwa kusitolo kuti uone zam'kati, umangokhulupirira zimene zalembedwa pachikutiro. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mabelo sunaimenso malo amodzi, ndipo mukukumbukira kuti mu February 2025 anzathu a msika wa Tsoka ku Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha nkhani yomweyi. Koma ngakhale zili choncho, pitani kwa Khombedza tsiku la msika mukaone amene akuveka anthu. Mayi wa ana asanu sangalowe m'sitolo ya zovala zatsopano. Ine ndafunsa za matumba amene ali m'nyumba mwanga lero, ndipo a ku Rwanda sabwera kudzawachotsa.

Mlimi_waThonje_Chinguluwe
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo chimene chimandipweteka ine ndi china. Boma la Salima ndi limodzi mwa maboma odziwika ndi ulimi wa thonje, pamodzi ndi Balaka, Chikwawa ndi Nsanje. Bambo anga analima thonje, inenso ndalima, koma malaya amene ndavala pamene ndikulemba izi ndi a kaunjika, ndipo pakolala pake palembedwa kuti anasokedwa ku Bangladesh. Tili ana, nsalu za yunifolomu ndi zitenje zambiri zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, imene inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Chovala cha nthawi imeneyo chinkavalidwa ndi mkulu, n'kupita kwa mng'ono wake, chikang'ambika amayi ankaikapo chigamba, chikatheratu chinkasanduka thewera, nkhata yosenzera mtsuko, kapena chigwiriro cha mphika pamoto. Palibe amene anatiitanira ku maphunziro kuti tidziwe zimenezo. Lero mwana amakana kuvala kabudula wa chigamba chifukwa anzake amuseka, pakuti wina wa kaunjika amapezeka pamtengo wotsika. Ndiye msonkhano wanuwo, ngati udzachitike, usadzakhale wa zinthu zatsopano zokha. Mudzaitane agogo adzatikumbutse zimene tinasiya.

Telala_waPakhonde
Abambo a ku Chinguluwe andikumbutsa chinthu. Anthu ambiri amataya thalauza chifukwa cha zipi yokha, pomwe kuika ina ndi ntchito ya mphindi makumi awiri. Kolala ya shati ikaperepeseka, timaisomola n'kuitembenuza, shatiyo n'kukhalanso chaka. Ndiye mwa zokanika zanuzo, Amayi a NaBanda, ndikukhulupirira kuti zina sizikufunika kudulidwa n'komwe. Thalauza lalikulu lija lolowa anthu awiri limatulutsa makabudula awiri a ana a sukulu, ndipo diresi lofa zipi likhoza kubwerera pamsika mawa lomwe.

Tsopano pa zodulazo ndifotokoze zimene ndinayesapo ndekha. Jinzi ndiye chuma. Mwendo umodzi wa jinzi ya munthu wamkulu, mukausoka kunsi n'kuikapo lamba wochokera m'chiuno mwake, umasanduka chikwama cha makope chimene mwana angachikoke pansi chaka chonse osang'ambika, ndipo matumba akumbuyo aja mumawasiya kuti aziikamo mapensulo. Koma jinzi imafuna singano yaikulu, nambala 16 kapena 18, ndi ulusi wolimba. Mukaisoka ndi singano ya madiresi imathyoka pamphambano pamene nsalu zapindana kanayi. Ine pamalo otero ndimayamba ndamenyapo ndi hamala kuti paphwatalale, kenako ndimayendetsa gudumu la makina ndi dzanja, osapalasa ndi mwendo. Matisheti ndi zina zotamuka zimavuta pa makina athu opalasa chifukwa ulusi umadumphadumpha, ndiye zimenezo ndi bwino kuzidula mizeremizere n'kuziluka.

NaPhiri_waChipoka
Pa zolukazo ndiye pafika pa ine. Ndimapanga zopondera za pakhomo, ndipo sindigwiritsa ntchito makina. Ndimatenga thumba la chimanga lotha ntchito, ndimalichapa, n'kulidula kukula kwa chopondera. Nsalu ndimazidula tizidutswa totalika ngati chala chapakati, ndipo kalikonse ndimakalowetsa m'maso a thumbalo ndi kawaya kopinda kunsonga, kochokera ku sipoko ya njinga, n'kukamanga mfundo. Mizere ikathithikana bwino, thumbalo silionekanso, chimangooneka chinthu cha manyenje chofewa kumapazi. Ubwino wake ndi wakuti apa nsalu za pulasitiki zija a telala akuzidandaula ndi zimene zimachita bwino, chifukwa sizisuluka mtundu ndipo zimauma msanga zikachapidwa. Ndinaphunzira kwa azakhali anga ku Nkhotakota, amene ankaluka pakhonde madzulo akusenda chinangwa cha kondowole ndi anzawo.

Koma ndinene chilungamo kuti Bambo a ku Lifuwu asandione ngati wobisa. Chopondera chimodzi chimanditengera masiku awiri ngati ndilibe ntchito ina, zala zimachita matuza, ndipo pamsika munthu amafuna kuchigula pamtengo wa mulu wa usipa. Ndikawerengera nthawi yanga, phindu lake ndi lochepa. Ndimapitiriza chifukwa ndimaluka nthawi imene ndikanangokhala, komanso nsalu ndimapatsidwa ulere.

Mkaikiri_waLifuwu
Mwamva nokha. Masiku awiri pa mulu wa usipa.

NaPhiri_waChipoka
Inde, abambo, koma masiku awiriwo ndikanapanda kuluka sindikanapeza ngakhale usipawo.

Wamalonda_waKuGombe
Ine ndimagulitsa ziboliboli ndi mikanda ku Senga Bay, ndiye za msika wa alendo ndikhoza kunenapo. Musaudalire. Alendo amabwera nyengo yake, ndipo mlendo amene wakwera ndege sangatenge chopondera cholemera m'chikwama chake. Amene angagule zambiri nthawi imodzi ndi eni malo ogona alendo, chifukwa chipinda chilichonse chimafuna chopondera pakhomo ndi china kubafa, komanso nsalu zopukutira m'khitchini zimatha msanga. Koma anthu amenewa amafuna zinthu zofanana kukula ndi mtundu. Mukawapititsira zopondera khumi, china chachitali china chopindika, sadzakuitananinso. Apa ndiye pamene kuphunzira pamodzi kungathandize, kuti onse azidula pa muyeso umodzi. Msika wina umene ndikuuona ndi wa matumba ogulira zinthu. Lamulo loletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa jumbo) linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo Khothi Lalikulu la Apilo linaligwiriziza mu 2019. Majumbowo akuonekabe m'misika, koma thumba lansalu limene mayi angapite nalo kuchigayo, kumsika ndi kusikelo kwa zaka ziwiri lili ndi malo ake ngati mtengo wake uli wofikirika.

Mkaikiri_waLifuwu
Apa tsopano mwayamba kuyankha funso langa. Zikwama za makope, makabudula a sukulu ndi matumba a kumsika ndi zinthu zimene ngakhale ine ndingagule. Koma ndibwerezenso za makina, chifukwa ndi pamene magulu amafera. Gulu lisakhale ndi makina akeake poyamba. Atelala alipo kale pakhonde lililonse la pa boma, ndipo miyezi ina amangokhala osapeza wosoketsa. Gulu lizisankha, kuchapa ndi kudula, telala azisoka ndi makina ake n'kulipidwa pa chinthu chilichonse. Akatero lamba akaduka adzagula yekha tsiku lomwelo, chifukwa makinawo ndi ake. Ndipo pasakhale ndalama ya chakudya. Amene akufuna kuphunzira abwere atadya kwawo.

Telala_waPakhonde
Pa mfundo imeneyi ndagwirizana nanu kwathunthu, ngakhale munayamba ngati mwabwera kudzagwetsa nkhani. Kuyambira mwezi wa January mpaka anthu atakolola, ntchito imachepa kwambiri, ndipo nditha kupereka Loweruka masana. Koma ndipemphe chinthu chimodzi: pakhale achinyamata awiri kapena atatu amene ndiziwaphunzitsa kusoka kwenikweni, osati kudula nsanza kokha. Amene waonetsa luso tingadzamuthandize kufunsira ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za maphunziro opitirira, kuti adzakhale ndi pepala.

Mlembi_waBankiMkhonde
Ndaona kuti nkhani ya ndalama mukuizungulira. Ngakhale nsalu ndi zaulere, sopo, ulusi, singano, mazipi ndi sizasi zakuthwa ndi zogula, ndiponso madzi a pampopi wa pa boma ndi olipira. Ife m'gulu lathu la banki m'khonde tinaphunzira kuti ndalama imene sinalembedwe imadanitsa anthu apachibale. Ndiye kuyambira tsiku loyamba pakhale kope lolembamo kuti wabweretsa nsalu ndani, wadula ndani, wasoka ndani, ndipo chagulitsidwa pa mtengo wanji. Funso limene muyenera kuliyankha musanakumane ndi ili: kodi Amayi a NaBanda akupereka matumba awo ulere, kapena adzalandirapo gawo? Pajatu zovalazo anazigula ndi ndalama zawo m'belo muja.

NaBanda_waKaunjika
Funso limeneli ndinaliganizira usiku. Zimene zingakonzedwe n'kubwerera pamsika, monga madiresi ofa zipi aja, zikhale zanga, ndipo telala ndimulipira ndekha. Zodula ndikupereka ulere, chifukwa kundichotsera m'nyumba ndi malipiro okwanira. Koma sindingalankhulire anzanga a pamsika. Ena akadzaona kuti nsanza zayamba kubala ndalama adzafuna kugulitsa, ndipo sindingawaletse.

MwanaWaSalima_kuJoni
Ndavomereza kuti mawu anga oyamba sanathandize matumba a achemwali. Komabe mfundo yanga sindikuibweza, ndipo ndipempha mlembi kuti m'kope lakelo muzilembedwanso kulemera kwa zovala zimene zakanika pa belo lililonse. Pakatha chaka mudzakhala ndi umboni wanuwanu wopita nawo kwa ogulitsa mabelo kapena ku khonsolo, m'malo momangodandaula pakamwa. Ine nditumiza sizasi ziwiri zazikulu ndi mapaketi a singano za jinzi kudzera kwa mnzanga amene akubwera pa basi kumapeto kwa mwezi.

Namwino_Wopuma
Nanga majekete achisanu aja mwawaiwala? Ndi amene akudzaza matumba, ndipo palibe amene wanenapo chochita nawo.

Telala_waPakhonde
Sitinawaiwale, amayi, koma ndi ovuta. M'kati mwake muli thonje lapulasitiki limene lingalowe m'mapilo ndi m'makhushoni a mipando, ndipo mazipi ake ndi aatali ndi olimba, oyenera zikwama. Chikopa chake chakunja ndi chimene chimaterera pa makina. Aphunzitsi anena kuti chosalowa madzi akuchifuna, koma iwo angatenge chochepa chabe.

Msodzi_waSenga
Musawadule onse. Inu a kumtunda mumati ku Salima kulibe chisanu chifukwa simunagonepo panyanja mwezi wa June kapena July mwera ukuomba. Anyamata opita ku usipa usiku ndi nyali amabwerako mano akugundana. Vuto ndi lakuti Amayi a NaBanda amagulitsira pa Kamuzu Road masana dzuwa likuswa mtengo, pamene munthu sangaganize za jekete. Abwere nawo kugombe m'mawa maboti akamakocheza, asodzi ndalama zili m'manja, adzaone ngati abwerere nawo. Anzathu a kabaza wa njinga zamoto amene amanyamuka m'bandakucha nawonso amawafuna.

NaBanda_waKaunjika
Zaka zonsezi ndakhala ndikugulitsa makilomita ochepa chabe kuchokera kunyanja, koma zimenezi sindinaziganizepo. Paja amati safunsa anadya phula.

NaPhiri_waChipoka
Ndiye tikumana liti, ndipo kuti? Ine ndibwera ndi mawaya asanu opindapinda kale ndi matumba awiri ochapa, kuti ofuna kuphunzira zopondera adzayambe tsiku lomwelo.

Mphunzitsi_waKhombedza
Kwathu n'kutali kwa ambiri a inu. Ndi bwino koyamba mukumane pa boma, ndipo ine ndidzabwera ndi amayi awiri a gulu lathu kudzasankha nsalu za thonje.

NaBanda_waKaunjika
Ndabweranso patatha milungu iwiri kudzakuuzani mmene zinayendera. Tinakumana Loweruka pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwanga, ndipo tinalipo anthu khumi ndi mmodzi, ngakhale amene analonjeza anali oposa makumi awiri. Awiri anabwerera atamva kuti palibe ndalama ya chakudya. Kusankha kokha kunatitengera maola atatu, ndipo thumba limodzi lonse tinalipeza litadyedwa ndi makoswe moti silikanathandiza aliyense. Pa madiresi ndi masiketi, telala anapatula khumi ndi zinayi zoti zikonzedwe, ndipo zisanu ndagulitsa kale. Anasokanso zikwama zitatu za jinzi pamaso pathu, n'kuthyola singano imodzi pa chachitatu. Mayi a ku Chipoka anaphunzitsa atsikana anayi, koma mmodzi yekha ndi amene wabweranso kudzatenga nsalu zina. Majekete ndinapita nawo kugombe Lachiwiri m'mawa monga ananenera abambo asodzi aja, ndipo mwa khumi ndi awiri ndinagulitsa anayi, chifukwa nyengo ya mwera sinafike. Otsalawo ndawabwezera m'chipinda kudikira June.

Chimene chatsala ndi thumba lodyedwa ndi makoswe lija pamodzi ndi tinyenyeswa timene tinatsala podula, tambiri mwa ito ta pulasitiki. Kuotcha sindingayerekezenso, ndipo kukwirira a telala anena kale kuti siziola.

Mkaikiri_waLifuwu
Tinyenyeswa toyerato musataye, muzisunga m'thumba louma mpaka tikwane kudzaza khushoni. Za thumba la makoswelo funsani a khonsolo a pamsika kumene amakataya zinyalala zawo. Loweruka likubwerali ndibwera ndi akazi anga, chifukwa kudula pa muyeso anaphunzira bwino nthawi ija. Mundisungire chikwama chimodzi cha jinzi, koma chikhale chokhala ndi matumba akumbuyo onse awiri.